Njuchi ya mu Ampu

Loweruka lililonse ku Kalingalinga,
kuseri kwa amisiri a mipando, pomwe mphepo imanunkha vanishi,
timakankha chitseko cha malata n'kulowa atatu.
Palibe amatilipira.
Yotamu ndi namwino wa usiku,
Sailota amayendetsa minibasi ya ku Chelstone,
ine ndimawerenga ndalama za eni ake m'tauni.
Koma muno ndife asing'anga a zinthu zimene zinasiya kulankhula.

Yotamu ngwa matabwa.
Khosi la gitala yake analisema pa thabwa la bedi la mlombwa
limene mkazi wake akulifunsabe mpaka lero.
Amagogoda mtengo ndi chala, khutu pafupi,
ngati wosankha chivwende ku Soweto.
Sailota ngwa nsambo, ndiponso wa makani.
Ine ngwa mtovu ndi mawaya;
onani zipsera pa zalazi.

Mu Juni, fumbi likuuluka,
Dailesi Mvula anabwera ndi ampu pa wilibala kuchokera ku Mtendere,
atayifunditsa chitenje ngati wodwala.
"Inali ya malemu bambo.
Ankayimba m'mabala a ku Matero ndili mwana.
Ilire basi."

Titatsekula kumbuyo:
mazira a mphemvu, nyumba ya mavu yadothi,
ngwee ziwiri zakuda bii,
ndi fyuzi yokulungidwa m'kapepala konyezimira ka fodya.
Mwini wake anali ndi changu usiku wina,
anthu akudikira kuvina.

Masabata asanu.
Magetsi ankatithawa mtovu usanasungunuke,
tinkakhala mumdima kutsutsana za kalindula.
Kapasita ndinaizula m'wailesi yakufa ya ku Kamwala.
Sipika yong'ambika Yotamu anaimata
ndi dzanja lomwe amamangira mabala.
Tsiku lina mavalavu anafiira pang'onopang'ono
ngati makala a m'mbaula,
Sailota anakhudza nsambo imodzi,
agalu a pa mpanda wonse anayankha.

Koma pansi pa mawu panali njuchi.
Mmmmmm, osaleka.
Sinandigonetse njuchi imeneyo.
Ndinailondola waya ndi waya, ndi kamtengo m'manja,
dzanja lina m'thumba kuopa kufa chopusa,
mpaka ndinaipeza: waya wobiriwira
womangidwa pamalo posayenera zaka zambiri zapitazo.
Ndinausuntha.
Zii.
Ndinadzigulira Fanta.

Dailesi atabwera tinasesa utuchi, tinamupatsa ndowa ya penti akhalepo.
Sailota anayimba mpaka malata ananjenjemera.
Iye anaomba m'manja mwaulemu,
monga timachitira ku ukwati wa munthu amene sitimudziwa.
Kenako anayandikira, khutu pa nsalu ya sipika.
"Nanga kulira kuja kuli kuti?"

Kulira kuti, mayi?

"Bambo akabwera mbandakucha ankayesa nyimbo imodzi,
n'kugona pampando osazimitsa.
Nyimbo zawo ndinaziiwala zonse.
Koma kuja, mmmm kuja,
ndikamakumva ndinkadziwa kuti afika."

Sailota, mwini makani, anayang'ana nsapato zake.
Yotamu anaika pansi sanipepa.

Ine ndinatenthetsanso chitsulo.
Ndinadikira chipse, osayang'ana munthu.
Waya wobiriwira uja ndinaumasula
pomwe buku limati ukhale,
ndinaubwezera pomwe anaulakwitsa mwini wake,
ndipo ndinamata bwino kuposa chilichonse
chimene ndinamatapo chaka chino.

Mavalavu anachedwa, monga mwa masiku onse.
Kenako njuchi inabwerera kwawo.

Palibe anakhudza gitala.
Dailesi anatsinzina pa ndowa yake,
manja pa maondo, fumbi la Mtendere kumapazi.
Kunja wina ankakhoma misomali pa sofa,
minibasi inkaitana a ku tauni,
ndipo ife anayi tinakhala chete
kumvetsera cholakwa cha munthu wina
mpaka magetsi atathima.